Kuseri kwa Mpando wa Galimoto

Sabata ino sindikamba za mizere kapena za manyowa monga ndimachitira masiku onse. Ndifuna kukuuzani za malo ena aang'ono amene ambiri a inu simunawayang'anepo ndi kamodzi komwe, ngakhale mwakwera pikapu kambirimbiri popita kumsika kapena kuchipatala. Ndikunena mpata umene uli kuseri kwa mpando, kutsogolo kumene amakhala woyendetsa. Mukakoka kachitsulo ka m'mbali, msana wa mpando umagwera kutsogolo, ndipo pamenepo mpatawo umaoneka. Pansi pake mpotakata ngati dzanja lotambasula, koma pamwamba mpothina chifukwa mpando umapendekera m'mbuyo. Mnyamata wina anatsala pang'ono kufa chifukwa cha zimene zinaikidwa mu mpata umenewu, ndipo amene anaziika ndine.

Monga mudziwa, masiku ano alimi ena akagulitsa fodya, thonje kapena nandolo amasonkherana ndalama nagula pikapu yakale kuti izinyamula zokolola. Kalabu ina ya alimi a thonje imene ndimailangiza ku Balaka inachita chomwecho. Inagula Toyota Hilux yakale kuposa ine mwini. Galimoto za dzina limeneli anayamba kuzipanga ku Japan mu 1968, ndipo zakalezo zikuyendabe m'misewu yathu. Ena ali ndi kagalimoto kaja ka Nissan 1400 kamene analeka kukapanga ku South Africa mu 2008, ndipo akuluakulu akumbukira Peugeot 404 imene inali kunyamula matola kale. Zambiri za galimoto zotere zili ndi mpando umodzi wokha, wa anthu awiri kapena atatu, ndipo mulibe malo ena oikapo katundu wosafuna mvula koma kuseri kwa mpando basi. Tsono malowo amasanduka nkhokwe ya chilichonse: jeke, masipanala, nsanza za oilo, chikwanje, zitupa za galimoto, ngakhale kamba wa paulendo.

Munali mu February, chaka cha 2022, nsabwe zitagwira thonje m'minda yambiri ya cha ku Utale. Tinapita ku Balaka kukagula mankhwala opopera otchedwa dimethoate, mabotolo asanu ndi limodzi a lita imodzi imodzi mu katoni. Woyendetsa anali mnyamata wa zaka ngati makumi awiri, mphwake wa apampando a kalabu. Pamene tinali kunyamuka mvula inayamba, ndipo ndinaona kuti katoni ikanyowa kumbuyo idzang'ambika, mapepala a pamabotolo nadzafufutika. Ndinatulutsa mabotolowo m'katoni, ndi kuwandanditsa kuseri kwa mpando. Mnyamata anati, "A Mlangizi, kumeneko kuli jeke." Ine ndinati, "Palibe kanthu achimwene, ulendo wake ngwaufupi." Pamwamba pa mabotolowo iye anaponyapo jekete yake, ndipo mayi wina wachikulire amene tinamutenga panjira anaikanso pomwepo kathumba ka mabanzi a adzukulu ake.

Amene mwayendapo msewu wadothi nthawi ya dzinja mukudziwa mmene galimoto imadumphira. Jeke inali yosamanga. Inali kugudubuzika uku ndi uku, ndipo penapake inakanikiza botolo limodzi ku chitsulo cha mpando, niling'amba pafupi ndi khosi. Fungo tinalimva ndithu, pakuti mankhwala amenewa amanunkha kwambiri, koma tinati ndi fungo la mabotolo chabe. Magalasi tinali titatseka chifukwa cha mvula. Titafika pa kadambo kena galimoto inatitimira, ndipo mnyamata uja anapisa dzanja kuseri kwa mpando, natenga jekete yake, naivala, natuluka kukaika nthambi pansi pa matayala. Jeketeyo inali yonyowa kumsana, koma munthu ali pamvula angadziwe bwanji chimene chanyowetsa chovala chake? Anagwira ntchito nayo pafupifupi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu.

Tisanafike kumudzi anayamba kudandaula mutu. Kenaka anati maso sakuona bwino, malovu nayamba kutuluka okha, ndipo anaimitsa galimoto nasanza. Nditamuyang'ana m'maso ndinaona kuti kamwanadiso kachepa ngati kansonga ka singano. Pamenepo mtima wanga unagunda, pakuti zizindikiro zimenezi ndimaziphunzitsa ine ndemwe pamisonkhano. Ndinagwetsa mpando, ndipo ndinapeza botolo litatsala theka, chiguduli cha pansi chitanyowa, mabanzi a mayi aja atamwa mankhwala.

Mverani zimene tinachita, chifukwa tsiku lina mwina mudzazifuna. Tinamuvula jekete ndi malaya msangamsanga, manja athu titakulunga m'mapepala a pulasitiki. Pa nyumba ina ya pafupi tinapempha madzi ndi sopo, ndipo tinamusambitsa thupi lonse ndi madzi ambiri. Eni nyumbayo, mwa chifundo chawo, anadza ndi mkaka kuti amwe, koma ndinawaletsa. Mkaka suchotsa poizoni wotere, ndipo munthu amene ayamba kufooka akhoza kutsamwa nawo. Kumusanzitsa dala nakonso nkoletsedwa. Tinatulutsa mabotolo onse, tinatsegula magalasi, ndipo ndinayendetsa ndekha kunka kuchipatala, nditatenga pepala la pabotolo losweka lija. Adokotala atawerenga dzina la mankhwalawo sanachedwe, anamubaya jakisoni wa atropine kangapo. Anagona m'chipatala masiku atatu. Ine ndi mayi wachikulire uja tinangomva mutu usiku umenewo chifukwa cha mpweya umene tinapuma. Za mabanzi aja sindifuna kuganiza zambiri. Mnyamata akanapanda kudwala tisanafike, mayi aja akanatsika nawo, ndipo ana akanawadya madzulo omwewo.

M'mawa mwake amake a mnyamatayo anandipeza pakhonde la chipatala. Sanakalipe ayi. Anangoti, "A Mlangizi, kodi si inu nomwe mumatiuza kuti mankhwala asagone m'nyumba mogona anthu?" Ndinasowa choyankha. Nzoona, kutsogolo kwa galimoto ndi kanyumba kakang'ono kotseka, kochepa kuposa khitchini ya pamudzi, ndipo anthu atatu amapuma mpweya umodzi mmenemo. Ine amene sindingalole mlimi kuika botolo la mankhwala pafupi ndi ufa, ndinaliika kuseri kwa misana yathu chifukwa choopa kuti katoni inyowa.

Mnyamata atachira tinakonza malowo. Poyamba tinachotsa mpando wonse, tinathira mchenga kuti umwe zotsalira, ndi kukwirira mchengawo pamodzi ndi chiguduli, jekete ndi mabanzi m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Tinatsuka chitsulo ndi sopo kangapo. Pochita zimenezi tinapeza kuti pansi pa ngodya ina padyeka ndi dzimbiri, pali chiboo cholowa zala ziwiri. Eni galimoto zakale, yang'anani bwino chimenechi. Nsanza ndi ziguduli zonyowa zikakhalitsa kuseri kwa mpando zimadyetsa chitsulo, ndipo pa chiboo chotero pamalowa fumbi, madzi, ndi utsi wa injini umene umagonetsa munthu tulo ali pa chiwongolero. Tinapita nayo kwa wowotcherera, natseka.

Kenaka tinaitana mmisiri wa matabwa kuti akhome bokosi. Iye sanayambe ndi kudula thabwa. Anatenga katoni yakale, naidula pang'onopang'ono mpaka inalowa bwino mu mpatawo mpando utakankhidwa kufika kumapeto kwenikweni m'mbuyo, pakuti bokosi limene liletsa mpando kubwerera m'malo mwake ndi kukodwa bwino ndi loipa kuposa kukhala opanda bokosi. Atapeza muyeso wake anakhoma bokosi lalitali, lotakata pansi ndi lopyapyala pamwamba, la zipinda zitatu ndi chivundikiro. Analimanga ndi mabawuti pa ziboo zimene zinalipo kale. Ngati inu mufuna kuboola zatsopano, yambani mwasuzumira kunsi ndi kumbuyo kwa chitsulocho, chifukwa mmenemo mumadutsa mawaya ndi timapaipi ta petulo ndi ta mabuleki. Pansi pa bokosi anayalapo mphira ya chubu chakale kuti lisagogode. Galimoto zina zili ndi timazenera ting'onoting'ono ta mphira kumbuyoko kapena m'mbali, totulutsira mpweya. Musatitseke ndi bokosi lanu.

Chipinda chachikulu ndi cha zitsulo. Jeke timaimanga ndi malegeni kuti isasunthe, ndipo sipanala ya matayala ndi masipanala ena timazikulunga m'chiguduli chouma. Musaone ngati nkhani yochepa: chitsulo cholemera chosamanga, galimoto ikaima modzidzimutsa kapena ikagwa m'ngalande, chimauluka ndi kumenya munthu. M'chipinda chachiwiri muli chingwe chokokera, tochi, zikwangwani ziwiri zofiira za makona atatu zoika pamsewu galimoto ikafa, ndiponso sopo ndi chigubu chaching'ono cha madzi oyera. Ziwiri zomalizazi ndinaonjeza ndine, ndipo mukudziwa chifukwa chake. Chachitatu ndi chaching'ono, cha zitupa za galimoto ndi buku la kalabu, zonse m'thumba la pulasitiki lomanga pakamwa. Chikwanje timachigoneka kumbuyo kwa bokosi, kukamwa kwake kutakulungidwa.

Mankhwala opopera mbewu, osungira chimanga ndi osambitsira ziweto ali ndi bokosi lawolawo la malata, la loko, lomangidwa ku ngodya ya kumbuyo kumene timapakira katundu, kutali ndi matumba a chakudya ndi anthu okwera. Mvula ikadza timafunda pepala pamwamba pake. Musanyengedwe ndi mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa pepala la pabotolo. Wofiira ndiwo woopsa koposa, kenaka wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira, koma ngakhale wobiriwirawo sakwera kutsogolo. Petulo nayenso sakwera. Ndaona anyamata a matola akubisa chigubu cha petulo kuseri kwa mpando nthawi imene mafuta asowa, wina ali kusuta fodya pa mpando womwewo.

Palinso zina zimene sizipha munthu, koma zimafa zokha zikakhala kumeneko. Galimoto ikaima padzuwa magalasi ali otseka, mkati mumatentha kuposa kunja, makamaka mu October ndi November, ndiyo nthawi yomwe timanyamula mbewu. Mbewu ya soya ndi ya mtedza sizipirira kutentha, ndipo mukaziiwala kumeneko masiku angapo mudzadabwa kuti zamera mwa apo ndi apo, nimudzanena wogulitsa kuti ndi wakuba. Chimodzimodzinso ufa wakuda uja wosakaniza ndi mbewu ya soya pobzala, umene uli ndi tizilombo tamoyo tothandiza mizu kupanga chakudya cha m'nthaka. Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso la nkhuku, amapirira kutentha kuposa akatemera ena, koma kupirira kwake kuli ndi malire. Mnyamuleni m'bokosi lozizira, kapena mum'kulunge m'nsalu yonyowa m'kadengu kolowa mphepo, ndipo mukaima mutuluke naye kumthunzi. Ndipo mtedza wokazinga, chimanga chootcha ndi nyenyeswa za mabanzi zimaitana makoswe, amene akamanga chisa mu mpando amayamba kudya mawaya. Apampando a kalabu anataya ndalama zambiri chaka chatha chomwechi pa galimoto ya mlamu wawo chifukwa cha khoswe mmodzi.

Bokosi lathu linatidyera thabwa limodzi, mabawuti anayi, ndi tsiku limodzi la mmisiri. Mnyamata uja akuyendetsabe galimotoyo, ndipo salola munthu aliyense kupisa dzanja kuseri kwa mpando popanda iye kuona chimene aikako. Mwezi watha anandibweza ine ndemwe ndi kabotolo ka mankhwala a nkhupakupa kamene ndinali nako m'thumba la malaya, nati, "A Mlangizi, ako nkakumbuyo." Ndinatsika, ndinakatsekera m'bokosi la malata, ndipo tinanyamuka. Fungo lija silinathe konse ngakhale tinatsuka chotani. Dzuwa likatentha limatulukabe pang'ono m'mphako za chitsulo, ndipo iye amayamba watsegula zitseko zonse ziwiri kanthawi asanalole anthu kukwera.