Kabokosi komwe tinalembamo ziro

Tinali atatu, tonse ochokera kusekondale imodzi yoyendera, ndipo chaka chimenecho mayina athu ankadziwika mpaka kumsika. Wina anapeza mapointi 9, wina 11, wina 14. Pasukulu yomwe labotale yake inali kabati imodzi yokiyidwa, zimenezi zinali zoti mphunzitsi wamkulu n'kuphera mbuzi. Mbuzi sanaphe, koma anatiitanira mu ofesi mwawo n'kutiuza kuti tiyesenso mwayi kumayunivesite akunja.

Kwathu kuno kasankhidwe timakadziwa. MANEB ikatulutsa zotsatira za MSCE, umawerengetsa maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino, umalemba fomu ya NCHE, kenako umadikira dzina lako. Mapointi akachepa, mwayi umakula. Ndiye tinkaganiza kuti kunja nakonso n'chimodzimodzi, kungoti mzere wake ndi wautali. Lachiwiri lililonse tinkapita kuboma, atatu panjinga ziwiri, kukalipira ola limodzi pakompyuta ya m'sitolo ina yosindikiza mapepala.

Khomo la ku Britain ndi lomwe linayamba kutsekeka. Kumeneko umafunsira malo kudzera ku UCAS, ndipo amakulola kusankha malo asanu okha. Koma tisanafike n'komwe posankhapo, tinapeza kuti MSCE yathu amaiyika pamlingo wa GCSE, mayeso omwe ana akumeneko amalemba ali ndi zaka 16, kutatsala zaka ziwiri za A-level. Mapointi 9 aja, kwa iwo, ankangosonyeza kuti munthu wafika poyambira. Amafuna A-level, kapena chaka chokonzekera chomwe umalipira wekha. Ku South Africa nako satifiketi yakunja imayamba yadutsa ku Matriculation Board kuti aone ngati ikukwanira pa maphunziro a digiri. Masamba amenewo tinawatseka msanga, ola lathu lisanathe.

Ku America khomo linaoneka lotsegula. Kuli fomu imodzi, Common App, yomwe imalandiridwa ndi makoleji opitirira 1,000, ndipo palibe paliponse pomwe inati MSCE ndi yochepa. Chomwe chinatidabwitsa n'chakuti mapointi ankangotenga kamalo kakang'ono. Ankafuna malikisi athu kuyambira Fomu 1, makalata a aphunzitsi otidziwa, ndi kalata ya mlangizi wa ophunzira, munthu yemwe kusukulu kwathu sanakhaleko chiyambire. Mphunzitsi wamkulu ndi amene anavala udindowo. Kalata yawo inali mizere inayi, yonena kuti ndife ana omvera, akhalidwe labwino, ndipo sitinapatsidwepo chilango. Kwathu amenewo ndi mawu aakulu. Koma wowerenga wa kutsidya la nyanja, yemwe ali ndi mafomu mazanamazana patebulo, amafuna kuuzidwa kuti sukuluyi ili ndi ana angati, ndi angati amakhoza MSCE, ndipo 9 amatanthauza chiyani pamalo opanda magetsi. Iye amayeza munthu poyerekeza ndi komwe wachokera. Komwe tinachokerako palibe anamufotokozera.

Panalinso mipata khumi yolembamo zomwe timachita kunja kwa kalasi. Ife tinadzaza iwiri: kwaya ndi Pathfinder. Inayo tinaisiya, poganiza kuti amafuna oimba piyano ndi osambira pamipikisano. Patapita chaka m'pamene tinaona kuti pamndandanda womwewo pali malo a udindo wa pabanja. Kulima munda wa agogo, kulera azing'ono athu mayi ali kumsika, kuphunzitsa ana a Sitandade 8 madzulo popanda malipiro: zonsezo zinali zoyenera kulembedwa. Ife tinkaziona ngati moyo chabe.

Za SAT tingonena pang'ono. Mayesowa amalembedwa Loweruka, ndipo tinatsala pang'ono kuwasiya. Mkulu wa mpingo wina ndi amene anatiuza kuti osunga Sabata amaloledwa kupempha kulemba Lamulungu ngati ali ndi kalata ya abusa. Kalatayo inali yosavuta kupeza. Chovuta chinali madola opitirira 100 a munthu mmodzi, kuwonjezapo thiransipoti ya mumzinda ndi pogona. Makoleji ambiri anasiya kukakamiza mayesowa mu 2020, koma MIT inawabwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale ndi Harvard analengeza zobwezeretsa mayeso mu 2024. Mwa atatufe, analemba ndi mmodzi. Tinamusonkhera.

Pomwe tinakhalitsa ndi pankhani yodzifotokoza. Amakupatsa mawu osapitirira 650 kuti unene kuti ndiwe ndani. Tonse tinkadziwa mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, yemwe anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi, ndipo anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014. Koma m'mbiri imeneyi ife tinatolamo njala, makinawo n'kuwasiya. Tonse atatu tinalemba za umphawi. Tinkachita kupikisana. Wina akalemba kuti ankapita kusukulu osadya, mnzake ankawonjezera kuti analibenso nsapato. Zina zinali zoona, zina zinali zoona za chaka chimodzi zomwe tinazitambasula kuti zikwane moyo wonse.

Mmodzi wa ife, wa mapointi 11 uja, anawerengera mayi ake nkhaniyo madzulo ena, akuimasulira m'Chichewa. Enafe tinali pomwepo pakhonde, tikudikira kuyamikiridwa. Mayiwo amagulitsa tomato ndi usipa, ndipo ankasankha tomato wa mawa lake uku akumvetsera. Atamaliza, anakhala chete kanthawi, kenako anati:

“Ndiye iwe, wauza anthu osawadziwa kuti pakhomo pano timagona ndi njala?”

“Amayi, amafuna zoterezi.”

“Unagonapo ndi njala liti m'nyumba mwanga muno?”

Sanayankhe. Mayi anadzuka n'kulowa m'nyumba, tomato n'kumusiya palichero. Ife tinatsanzika mofulumira.

Sabata yotsatira anabwera ndi nkhani ina. Analemba za kope la ngongole la mayi ake, lomwe iye wakhala akulisunga kuyambira ali Sitandade 6: amene amabweza pakutha pa mwezi, amene amabweza akakolola, amene sabweza koma mayi amawapatsabe chifukwa ali ndi ana amasiye. Anafotokoza momwe anazindikirira kuti tomato wa Lachisanu amawonongeka kwambiri chifukwa Loweruka sagulitsa, ndi momwe anawerengetsera kuchuluka kwa woyenera kuoda Lachinayi. Munalibe misozi m'nkhaniyo. Munali munthu woganiza. Enafe tinaiwerenga n'kuchita nayo kaduka, koma zathu zija tinazitumiza momwemo, chifukwa masiku anali atatha.

Kenako panabwera kabokosi. Pamafomu opempha thandizo la ndalama pali funso lakuti banja lako lingathe kulipira zingati pachaka. Mayunivesite ena a ku America omwe si aboma amadya madola opitirira 80,000 pachaka ukaphatikiza chakudya ndi pogona. Awiri tinalemba ziro, chifukwa ndi zomwe zinalipo. Wachitatu, mwini nkhani ya kope uja, analemba 5,000, podalira amalume ake a ku Johannesburg omwe anati pafoni, “Ukangopeza malo, zinazo tidzaona.”

Sitinkadziwa kuti kabokosi kameneka kamawerengedwa limodzi ndi zina zonse. Makoleji ambiri akumeneko, akamasankha wophunzira wochokera kunja, amayang'ananso kuti adzafuna thandizo lochuluka bwanji. Thumba la ophunzira akunja ndi laling'ono, ndipo thandizo la boma la America silifika kwa ife. Ndalama zolipirira mwana mmodzi wolemba ziro zingathe kuthandiza anayi omwe makolo awo akulipira mbali yaikulu. Sabisa ayi, zimalembedwa pamasamba awo, kungoti m'mawu omwe munthu wolipira ola limodzi amangowadumpha. Alipo ochepa omwe amalonjeza kusankha osayang'ana m'thumba ngakhale kwa akunja, n'kulipira zonse zomwe wasowa: Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, ndipo kuyambira 2022 Dartmouth ndi Bowdoin. Koma kumeneko n'komwe dziko lonse limathamangira. Mu 2024 Harvard inatenga anthu osakwana 4 pa 100 alionse omwe anafunsira malo. Ndiye wosauka ali ndi makomo awiri: lina lalikulu koma loyang'ana m'thumba, lina losayang'ana m'thumba koma longa diso la singano.

Ife tinasankha makoleji poyang'ana zithunzi. Tinkakonda omwe ali ndi udzu wobiriwira ndi nsanja ya wotchi.

Mayankho anabwera mu Malichi, pa imelo. Onse ankayamba mofanana, kuthokoza ndi kudandaula kuti ofunsira anachuluka chaka chino. Awiri olemba ziro tinakanidwa konse. Sitidzadziwa ngati chinatigwetsa ndi ziroyo, kalata ya mizere inayi ija, kapena nkhani zathu zolira, sauza munthu. Mnzathu uja koleji ina yaing'ono inamutenga, ndipo wina wa mu ofesi yosankha analemba pansi pa kalatayo kuti anakonda nkhani ya kope. Anamupatsa thandizo lalikulu, koma panatsala madola 12,000 pachaka. Kuti koleji itulutse fomu ya I-20, yomwe popanda iyo sungapemphe viza ya ophunzira, imafuna umboni wa kubanki woti ndalama za chaka choyamba zilipo. Amalume aja foni yawo inayamba kusapezeka. Sitikuwaimba mlandu, amagwira ntchito yolondera, ndipo ankanena kuchokera pansi pa mtima. Kalata yomulandirayo mayi ake anaiika m'pulasitiki, ili m'kope momwemo.

Awiri tili pano, ndipo ena mwa inu mumakhala nafe m'kalasi. Wachitatu akuphunzitsa pasukulu ina yapulaiveti ndipo akuyesanso, ulendo uno kudzera ku Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe inayamba mu 2012 ndipo imayang'ana dala ana ochokera m'mabanja osowa, m'mayunivesite monga Ashesi ku Ghana ndi Makerere ku Uganda. Kumeneko ziro sachititsa manyazi. Tikanadziwa poyamba, mwina njinga zija zikanapuma Lachiwiri zingapo.

Mwezi watha, titaweruka kutchalitchi, mtsikana wina wa mapointi 8 anatipeza pansi pa mtengo n'kutipempha kuti timuthandize Lamulungu. Anabwera ndi foni ya achimwene ake, fomu atafika nayo kale patali. Mipata khumi ija anali atadzaza umodzi. Tinamufunsa amene amaphikira azing'ono ake, anati ndi iyeyo, kuyambira bambo ake atamwalira. Tinamuuza kuti alembe. Kenako anatsitsa tsambalo mpaka pakabokosi kaja n'kutiyang'ana.

“Achimwene, apa ndilembepo zingati?”

Tinamufunsa kuti kunyumba kuli zingati. Anaseka. Tinamuuza kuti alembe zomwezo, koma asanatumize tibwerere kaye kumndandanda wa makoleji ake. Pa asanu ndi atatu omwe anasankha, asanu ndi limodzi tinawafufuta tsiku lomwelo, bandulo isanathe.