Za Kupempha Chilolezo Pomanga Nyumba

Abale anga, kuno kwathu ku Chiringa kwabuka funso limene amuna akangana nalo pa bwalo ndi akazi pa mjigo, ndilo lakuti: kodi nkoyenera kuti munthu akapemphe chilolezo ku boma asanamange nyumba pa dothi limene anamsiyira makolo ache? Ambiri ayankha msanga kuti iai, ndipo ayankha mokwiya. Ine ndiyankha kuti inde, koma inde wangayo ali ndi mchira wache, ndipo ndipempha akuru a nyuzi ino andipatse malo kuti ndiutambasule.

Mkwiyo wa anzangawo sindiunyoza konse, pakuti ndidziwa kumene unachokera. Pamene agogo athu Alomwe anali kulowa m'dziko lino kuthawa nkhanza za Apwitikizi, anapeza kuti Angerezi anaika kale msonkho wa nyumba, umene unayamba m'zaka za m'ma 1890, masiku a Harry Johnston, mashereni 3 pa nyumba iriyonse. Wolephera kukhoma anamtenthera nyumba, kapena anamgwirira mkazi chikole kufikira ndalama zitapezeka. Chiyambire masiku amenewo, munthu wa boma akaima pa bwalo ndi buku m'manja nayamba kuwerenga madenga, mtima wa mwini mudzi ugunda, chifukwa adziwa kuti kanthu katuluka m'thumba. Mantha otere salekeka m'mbadwo umodzi. Chotero mau akuti chilolezo akamveka, khutu la munthu wa kumudzi limva msonkho.

Koma ife okhala patsinde pa Michesi tiri naye woyendera nyumba wina, amene sabwera ndi buku, ndiye madzi. Akuru a msinkhu wanga sadzaiwala tsiku la 10 Marichi 1991, pamene phiri linang'ambika itagwa mvula ya masiku angapo, ndipo Napolo anatsika ndi miyala yaikuru ngati nkhokwe, nasesa midzi, minda, milatho ndi masitolo a ku Phalombe, napha anthu pafupifupi 500. Tsoka lathulo ndilo linadzutsa boma, kotero kuti m'chaka chomwecho linapanga lamulo loyamba la dziko lino lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Anzathu a ku Zomba anaona zotere kale m'Disembala 1946. Ndipo patapita zaka 32 chichitikire za ku Michesi, m'Marichi 2023, inafika mphepo ija ya Freddy, imene inagumula mapiri ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi kuno kwathu, ndipo akufa ndi osowa m'dziko lonse anaposa 1,000. Ena a iwo anali atamanga m'njira momwe madzi anadzera kale. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Oiwala ndife anthu, makamaka malo akachepa ndipo ana akachuruka.

Komabe ndinene ichi, chimene sichimveka kawirikawiri pa wailesi. Nyumba zambiri za kwathu sizigwa ndi Napolo ai. Zigwa mwakachetechete, usiku, mvula ikagwa masiku atatu osakata, monga inachitira m'Januwale 2015, ndi masiku a Idai m'chaka cha 2019, ndi a Ana m'Januwale 2022. Madzi adikha m'mbali mwa khoma, zidina zapansi zimwa madziwo nizisanduka phala, ndipo khoma lolemera ligwera m'kati, pamene pagona ana. Imfa yotere iribe phokoso, ndipo ikadapewedwa ndi mizere iwiri kapena itatu ya miyala pa maziko. Ndicho chifukwa chache nditi nkhani ya chilolezo si ya mapepala okha.

Tsono lamulo litani? Kale malamulo a kamangidwe anali a m'matauni ndi madera owerengeka amene boma linawatchula, monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Koma m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lotchedwa Physical Planning Act, limene linayesa dziko lonse la Malawi dera loyenera kumangidwa mwa dongosolo, ndipo nchito yaikuru yoyang'anira inagwera makhonsolo. Ife a ku Phalombe tiri ndi boma lathulathu chiyambire 1998, pamene tinapatulidwa ku Mulanje, chotero ulendo wache suli wautali monga unaliri kwa atate athu. Njira yache ndi iyi: womanga alembetsa pulani ya nyumba, aonetsa umboni wakuti malowo ngache, alipira ndalama yoti pulaniyo iunikidwe, ndipo komiti ikabvomereza idindapo chidindo. Pambuyo pache woyendera ayenera kudzaona nchito ikuyenda, makamaka maziko asanakwiriridwe. Womanga wopanda chilolezo akhoza kuimitsidwa, ngakhale kugwetseredwa kumene. Kunena zoona, m'midzi ya kutali sindinaone munthu akudzafunsa za khumbi la maudzu. Lamuloli liluma pa malo a malonda, m'mbali mwa miseu, ndi pa nyumba zolowamo anthu ambiri.

Ine ndinakomana nalo chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, amene anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi kandalama kache, nafuna kumanga kagolosale kutsogolo ndi zipinda zogona kumbuyo, pafupi ndi msika. Popeza ndine mwini mbumba, nkhani inafika kwa ine. Anadza ali wotupa mtima, nati, "Malume, njerwa ndaotcha ndi ndalama zanga, malata ndagula ndekha, malo nga amai. Nanga munthu wa tayi adzandiuza chiani chimene mmisiri wanga sadziwa?" Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, safunsa anadya phula. Tiye tikamve, akatinyenga tidzabwerako ndi miyendo yathu yomweyi."

Anabwera mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wanga, pa njinga yamoto, ndi tepi yoyezera m'thumba. Anandipatsa moni mwaulemu, nayamba kuzungulira malowo osanena kanthu, kuyang'ana kumene nthaka yapendekera. Pomwepo anaima pa ngalande ya maziko imene mmisiri anali atayamba kukumba, nati kwa ine, "Agogo, mvula ikagwa, madzi ochokera ku mseu amadzera pati?" Ndinamlozera, pakuti ndakhala ndikuwaona zaka zambiri, ndipo chala changa chinaloza pakati penipeni pa chipinda chogona. Tonse tinaseka, koma mphwangayo sanaseke. Mnyamatayo ananena zinthu zitatu: nyumba isunthire kumbuyo, ichoke m'malire a mseu, chifukwa mseu ukadzakuzidwa womanga m'malirewo agwetseredwa popanda chipepeso, maziko akwere kufikira m'bondo pamwamba pa nthaka, ndi ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwache, ndipo chimbudzi chisakumbidwe pamene anachilemba, chifukwa kunsi kwache kuli chitsime cha anansi, ndipo alangizi a zaumoyo afuna mamita 30 pakati pa ziwirizi. Za chimbudzizo palibe anatsutsa, pakuti kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino, inali isanachoke m'makutu mwathu.

Mmisiri anang'ung'udza kuti njerwa sizikwana. Zinapereweradi, ndipo chipinda chimodzi chinadikira chaka china. Koma taonani, abale, chimene mphwanga anagula ndi ndalama ya chilolezo ija sichinali chidindo. Anagula maso a munthu wachiwiri, wosakhala mbale wache, wosafuna kumkondweretsa, amene anayang'ana malowo dothi lisanakwirire cholakwa. Mmisiri wa kumudzi, ngakhale waluso, adya kwa mwini nyumba, ndipo mwini nyumba akati simenti yachepa, mmisiri achepetsa osatsutsa, kuopa kutaya nchito. Woyendera yekha ndiye angathe kunena iai.

Nzeru zimene ananena mnyamatayo si zachinsinsi. Zitachitika zibvomezi za ku Karonga m'Disembala 2009, boma linasonkhanitsa m'chaka cha 2010 malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba za anthu wamba, ndipo akonzedwanso pambuyo pache. Zambiri za m'menemo sizifuna chuma. Pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lakuda la pulasitiki, kuti chinyontho chisakwere. Pamwamba pa zitseko ndi mazenera pazungulire lamba wa simenti ndi zitsulo, amene amisiri amutcha bimu, womanga makoma onse anai akhale thupi limodzi. Mitengo ya denga imangidwe ndi waya wozikika m'khoma mizere ingapo pansi, osati kungosanjika miyala ndi njerwa pa malata monga tichitira, pakuti mphepo ikadza miyala yomweyo isanduka zida. Denga la mbali zinai lipirira mphepo koposa la gebulo. Ndipo khonde likhale lotambalala, kuti mvula isamenye khoma. Apa ndimwetulira pang'ono, chifukwa agogo athu, amene sanaone sukulu, anamanga nyumba zao ndi khonde lozungulira ndi guwa lokwera lozira bwino, ndipo ndife ana ao ophunzira amene tinadula khonde kuti tisunge malata awiri.

Pali mfundo yina imene ibvuta koposa kuno kwathu, ndiyo ya umboni wa malo. Ife ndife a chikamwini: mwamuna amanga kwao kwa mkazi, pa dothi la mbumba ya eni. Pepala likafunsa kuti mwini malo ndani, m'nyumba muyamba kuyang'anana. Mwamuna ati, njerwa nzanga. Alongo a mkazi ati, dothi ndi lathu. Ndaona akazi amasiye akulandidwa malata ndi abale a malemu, ndaonanso amuna okalamba akupirikitsidwa m'nyumba imene anaimanga ndi thukuta lao, maliro a mkazi asanazizire. Lamulo lina la 2016, la malo a makolo, linatsegula njira yakuti banja lilembetse malo ache ndi kulandira chikalata, kudzera m'komiti ya kumudzi yotsogozedwa ndi gulupu, ya anthu 6 osankhidwa, mwa iwo akazi osachepera 3. Ndipo dera la Mfumu Nazombe, kwa Gulupu Maoni, linali limodzi mwa madera oyamba m'Malawi monse kumene kalembera ameneyu anayesedwa, pamodzi ndi ena ku Kasungu ndi ku Rumphi. Ine uphungu wanga ngwakuti nkhani ya dzina lolembedwa ikambidwe pa mphasa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo, njerwa yoyamba isanaikidwe. Kukangana pa pepala kuli bwino koposa kukangana pa manda.

Tsono ndifike ku mchira uja. Ngati lamulo litifunsa ife kupempha, lifunsanso olisunga kuti atumikire. Mtengo wa chilolezo ulembedwe poyera pa khoma, m'Chichewa, kuti wosauka adziwe asananyamuke, ndipo ndalama iriyonse ituluke ndi lisiti lache. Ndalama yopanda lisiti si ya boma, ndipo woipereka agula chidindo chopanda maso aja. Munthu womanga zipinda ziwiri asatumidwe kwa wojambula mapulani wa mtengo woposa wa zitseko zache. Pakhale mapulani okonzeratu, awiri kapena atatu, oti munthu asankhepo. Ndipo woyendera adze pa nthawi ya maziko. Kudza nyumba itafika pa denga, ndi utoto wofiira wolemba mtanda pa khoma, ndiko kubwezera anthu ku masiku a msonkho wa nyumba, ndipo adzayamba kumanga usiku ndi pa Sabata.

Chobvuta chachikuru chatsala kwa iwo okhala m'makwawa ndi m'mphepete mwa phiri. Itapita Freddy, m'chaka chomwecho cha 2023, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la za ngozi, lolowa m'malo mwa lija la 1991, lopatsa boma mphamvu yotchula malo oopsa ndi kusamutsa anthu. Nkoyenera, ndipo sinditsutsa. Koma Phalombe ndi boma lothinana, ndipo munthu samanga m'khwawa chifukwa chokonda imfa. Amangamo chifukwa ndi pomwe pali munda wache wa chimanga ndi nandolo, ndi pomwe pali madzi, ndi pomwe pagona amache. Mukampatsa poti amange pokha, popanda polima, adzagona kumtunda mwezi umodzi, ndipo mvula yobzalira ikagwa mudzampeza wabwerera, wamanga chisakasa pa bwinja lomwe lija. Mafumu athu adziwa makwawa onse amene Napolo anadzeramo mu 1991 ndi mu 2023, ndipo akadakhala pansi ndi a khonsolo nalemba malowo pa mapu, mudzi ndi mudzi, mfumu ikadakhala ndi pogwira pokaniza mwana wache yemwe malo oipa, chinthu chimene chiri chobvuta kuchichita ndi pakamwa pokha.

Kwa inu amene mulinga kumanga chaka chino, nyengo yofunsa ndiyo yokolola, m'Epulo ndi m'Meyi, musanaumbe njerwa, pamene zizindikiro za madzi zikali kuoneka pa nthaka ndipo mungathe kuloza woyendera pamene anadzera. Pitani ndi kalata ya amfumu, ndi pulani ngakhale yosabvuta, ndiponso mmisiri wanu apite nao, kuti adzimvere yekha za maziko ndi waya wa denga, asadzati mwini nyumba sanandiuze.