MUSANAMUTCHE MWANA MBULI, MUWERENGE KAYE IZI

Lero nkhani yatalika pang'ono, koma inu amene muli ndi mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 chonde musaidumphe.

Mwezi sutha osabwera mayi atagwira mwana padzanja: "Abusa, mupempherereni uyu, mutu wake ndi wouma, kaya anamulodza." Kupemphera ndimapemphera ndithu, ndiyo ntchito yanga. Koma tikati Amen ndimafunsanso mafunso, ndipo ena amakhumudwa nawo. Mwanayu amakhala pati m'kalasi? Amaona bwino pa bolodi? Amamva? Amapita atadya? Chaka chino wajomba masiku angati chifukwa cha malungo?

Tiyeni tinene chilungamo. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi, ndipo makalasi mpaka lero sakukwana. Kuno ku Mulanje kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1 si zachilendo. Mphunzitsi mmodzi, choko chimodzi. Mwana wamanyazi wokhala kumbuyo angamudziwe bwanji? Ndiye onjezani namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene sukulu zinatsekedwa, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi ndi matope ochokera m'phiri. Ana ambiri amene anali kungoyamba maphatikizo nthawi imeneyo anadumpha masitepe, ndipo palibe amene anabwerera nawo m'mbuyo.

Ndikuuzeni za mwana wa mlongo wanga. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndiye atakanika kuchoka mu Sitandade 2 ali ndi zaka 9, anabwera naye kwa ine. Achibale anali atagamula kale kuti pali dzanja la munthu. Ndinamupatsa buku lake la Chichewa, n'kuwerenga tsamba lonse bwinobwino, mpaka ndinadabwa kuti vuto lili pati. Kenaka ndinaphimba chithunzi ndi dzanja, n'kuloza mawu amodzi pakati pa tsamba. Zii. Abale, mwanayo analoweza buku lonse pamtima pomvera anzake akamakuwa pamodzi m'kalasi! Tsono mundiuze, mutu wouma ungaloweze buku? Nzeru zinalipo zochuluka, chimene chinasowa ndi kudziwa kuti lembo lililonse lili ndi liwu lake. Titapita naye kuchipatala anapeza kuti khutu limodzi linali ndi mafinya kuyambira kalekale. Analandira mankhwala, ndipo aphunzitsi ake titawafotokozera mwaulemu anamusamutsira kutsogolo tsiku lomwelo.

Zotsalazo tinachitira pakhonde. Chichewa chili ndi ubwino woti chimalembedwa monga chimamvekera. Mwana akagwira a, e, i, o, u, n'kudziwa kuti m akakumana ndi a akupanga "ma", khomo latseguka. Ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga imene inayamba mu 2016 imayambiranso pomwepo, pa maliwu a malembo kenako maphatikizo, choncho simukusokoneza aphunzitsi ayi. Ife tinkalemba pansi ndi chala, pafumbi, chifukwa pafumbi akalakwitsa amangofufuta, palibe inki yofiira yomuchititsa manyazi. Tinatola zotsekera za mabotolo, pa chilichonse n'kulemba phatikizo limodzi ndi makala: ma, ta, ko, la. Iye amasuntha yekha, "mata", "kola", "tako", apo ndiye kuseka mpaka kugwa pansi, ine n'kumusiya aseke, bola wawerenga. Lembo la b ndi la d linamuvuta miyezi iwiri yathunthu. Zovuta monga mph, nkh, ntch ndi ng' tinazisiyira kumapeto. Tikapita ku Chitakale pa njinga ankandiwerengera zikwangwani za magolosale, ndipo tsiku limene anawerenga yekha mawu akuti "mandasi" anakuwa ngati wagoletsa chigoli.

Mphindi 15 pa tsiku, basi. Osati ola lathunthu, ndipo osati ndi kamtengo m'manja. Mwana amene akuyang'ana chikwapu saona malembo. Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumalawira m'mamawa kukathyola tiyi ku esiteti, mumabwera msana ukuwawa, makamaka nyengo ya mvula. Pezani mkulu wake wa Sitandade 6 akhale naye. Agogo amene sanapite kusukulu nawonso ali ndi gawo: amuuze nthano, iye aibwereze, chifukwa mwana wodziwa kulongosola nkhani ndi pakamwa savutika kwambiri kuilemba.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mayina amene timapereka tokha pakhomo. "Chitsiru iwe." "Wangotengera bambo ako." Timanena pamaso pa alendo, mwana ali pomwepo akumva, mawa tikudabwa kuti wathawa sukulu wapita kukaweta mbuzi. Mose amene mumamulalikira uja anadandaula yekha mu Eksodo 4 kuti lilime lake linali lolemera, koma sanatayidwe, anapatsidwa Aroni woyenda naye.

Pali ana ena amene ngakhale muchite zonsezi kwa chaka, malembo amawatembenukirabe. Amenewo sindikunena kuti mungodikira. Kaonaneni ndi ahedi, mupemphe kuti nkhani ifike kwa a PEA ku TDC ya m'dera lanu. Kuli aphunzitsi a maphunziro apadera, ambiri anaphunzira ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amene amadziwa kuyeza mwana wotere. Ndi ochepa, mwina muyenda kawiri katatu, koma alipo.

Mnyamata uja pano ali mu Sitandade 4. Kulemba kwake kukadali kokhotakhota, dzanja limathamanga kuposa mutu, ndiye tikulimbana nazobe. Loweruka lililonse 2 koloko masana ana angapo a m'mudzi muno amasonkhana naye pakhonde la tchalitchi, wa mpingo uliwonse ndi wolandiridwa. Amene muli pafupi bwerani naye wanuyo, atenge kope lakale ndi zotsekera za mabotolo zokwana 20.