Zikope zanga ndi ntchito ya usiku

Abale ndi alongo, ena mwakhala mukundifunsa chifukwa chake maso anga amakhala ofiira Lamlungu. Mumaganiza kuti ndi tulo, poti ndimagwira ntchito ya ulonda usiku kuno ku Ilford. Dokotala wa maso anandiuza kuti ndi blepharitis, matenda otupitsa m'mphepete mwa zikope. Timabowo totulutsa mafuta pamenepo timatsekeka, misozi n'kumauma msanga. M'maso mumayabwa ngati mwalowa mchenga, ndipo podzuka zikope zimamatana ndi manthongo. Kuyang'anitsitsa makamera usiku wonse osaphethira kumawonjezera vutoli.

Matendawa sapatsirana, choncho musaope kundipatsa moni. Koma satheratu, amapita n'kubweranso. Tsiku lililonse ndimathowa zikope ndi kansalu kofunda kwa mphindi 5 mpaka 10, n'kuzisisita pang'onopang'ono, kenako kupukuta m'mphepete mwake.

Monga m'busa ndimapempherera odwala, inunso mwakhala mukundipempherera. Ndikamathowa maso sindiye kuti chikhulupiriro chachepa ayi. Ndikusamala thupi limene Mulungu anandipatsa. Inu ogwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba kapena mosungira katundu, m'maso mukamayabwa pitani ku famasi kapena kwa opima maso. Diso likamapweteka kapena likayamba kuona mwachimbuuzi, imbani 111 tsiku lomwelo.