Batire lathu lakayezedwa ku boma



Inu a ku Lilongwe mukamva za batire la galimoto mumaganiza galimoto. Ife galimoto tilibe, koma batirelo ndiye magetsi athu. Langa ndi N70, ndinagula kwa dalaivala wina wa lole zaka zitatu zapitazo, limadya moto wa sola ili padengayi. Limayatsa mababu atatu ndi wailesi, komanso ndimatchajira anthu mafoni. Kandalama ka mchere ndi sopo kamachokera pamenepo. Kungoyambira mu June, chisanu chathu cha kumapiri kuno chitaluma, linayamba kugona ndi nkhuku. Ikamati 7 koloko mababu afiira kale.

Lachiwiri ndinalikweza pa kabaza mpaka pa Linthipe, kenako minibasi ya ku Dedza boma. Mnyamata wokonza mawaya a galimoto anayamba ndi mita. Inaonetsa 12.4. Ine mtima pansi, poti lodzaza bwino limakhala pa 12.6. Iye kungoseka. Akuti, "Bambo, ng'ombe simuiyesa mphamvu ili m'khola, muimange pangolo." Anamangirira kachipangizo kokoka moto wambiri nthawi imodzi, nambala ija phuu mpaka pa 8, chikhalirecho lamoyo siliyenera kutsika kupitirira 9.6. Atatero anatsegula zitsekerero zonse zisanu ndi chimodzi n'kumakoka madzi ndi kachubu kagalasi. Zipinda zisanu zinali bwinoko. Chimodzi madzi ake oderako ngati tiyi, kusonyeza kuti mapuleti a m'kati ayamba kuyoyoka.

Zomwe anandifotokozera n'zoti batire la galimoto analipangira kuliza injini kamphindi kochepa, injiniyo n'kulibwezera moto pompo. Ife timalikama usiku uliwonse mpaka kuuma. Zaka zitatu ndiye kuti lapirira ndithu.

Tsono nkhani yagona pa ndalama. Ena panjira amati ndingokhuthula asidi wakale n'kuthira watsopano. Zimenezo ndakana. Lingadzuke masabata angapo, koma asidi sabwezera mapuleti oyoyoka. Lina logwiritsidwa kale ntchito lilipo lotchipa, koma ndani akudziwa kuti mwini wake walitayiranji? Latsopano la sola, lopangidwira kukamidwa pang'onopang'ono, ndiye loyenera, kungoti mtengo wake! Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimachita kuwotcha m'manja.

Mayi a kunyumba ananeneratu kuti ndalama ya feteleza isakhudzidwe, batire sitidya. Akunena zoona. Koma mtsikana wathu akulowa Folomu 4 mu September, ndipo tochi ya mabatire ogula tsiku ndi tsiku ndi ndalamanso. Tagwirizana chonchi: lakufali ndigulitse kwa ogula zitsulo zakale, amafuna mtovu wa m'katimo, ndipo lipite ndi asidi wake yemwe, asatayidwe pakhomo pomwe pamasewera ana ndi kutola nkhuku. Ndionjezerepo nyemba zomwe ndinasunga kuti ndidzagulitse mtengo ukakwera, matumba awiri. Zikapanda kukwana tidikira kachewere wa kudimba.

Achimwene a ku Kawale, mukamadutsa mu Malangalanga mundifunsireko mtengo wa batire la sola la 100Ah, masitolo awiri kapena atatu. Mufunsenso ngati amapereka pepala loti likafa msanga amasintha, ndipo ndi miyezi ingati. Yankho mutumize pa foni ya aphunzitsi aja tayandikana nawo.