Tiyi wa amayi atayamba kununkha dizilo

Amayi ndiwo anayamba kudandaula. Ankati tiyi wawo akumveka ngati madzi ake agona m'chigubu cha dizilo. Ife tinaseka, tinati ukalamba wafika palilime. Koma mvula ya mu Januwale itakhazikika, mlongo wanga anatula ndowa pakhomo, dzuwa n'kuwomba pamadzipo, ndipo tonse tinaona kautawaleza kakuyandama pamwamba. Chitsime chake ndi chomwe chija cha m'mphepete mwa dambo, chimene agogo anakumba ine ndisanabadwe.

Ndinakulira kufupi ndi Ntengo wa Mbalame, m'boma la Tsangano, m'chigawo cha Tete. Pa ubwana wanga mafuta a m'nyumba mwathu anali parafini basi, wa m'kabotolo kotseka ndi chitsononkho, wothira mu koloboyi. Dontho likagwa pansi, khutu lako linkadziwa. Chimanga ankasinja mumtondo, kudimba tinkathirira ndi ndowa. Nkhondo yapachiweniweni itatithamangitsira ku Ntcheu, ku Malawi, ndi kumene ndinaonera chigayo chikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Tinabwerera kwathu pambuyo pa mtendere umene anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo sipanapite zaka zambiri chigayo chinatitsatira. Sindinama, tinachilandira ndi nthungululu. Amene sanasinjepo mphale m'mawa wa mu Juni kumapiri kuno asandiuze za kukoma kwa moyo wakale.

Kenako zinabwera zinazi. Ndalama za mbatata ya kachewere, imene timakagulitsa mpaka pa Tsangano Turn-off, zinagula njinga zamoto. Ku Macanga, kumene kunakwatiwa mlongo wanga wina kufupi ndi Furancungo, fodya ndiye anazigula. M'madimba munalowa mainjini opopera madzi. Pamsika uliwonse pali mnyamata ndi tebulo la mabotolo a petulo, amene kuno ambiri timangoti gazolina, ndipo mafuta akasowa ku Malawi, monga zinalili mu 2011, zigubu zimachuluka m'njira zachidule zodutsa malire. Pansi pa tebulo lililonse loterolo dothi ndi lakuda ndipo sipamera udzu.

Chigayo cha m'mudzi mwathu chinamangidwa pamtunda, chitsime chili kumunsi kwake, mtunda woti munthu akakuwa mumamva. Injini yake inkadontha usana ndi usiku, ndipo akasintha oyilo, wakudayo ankamutaya m'dzenje kuseri kwa nyumba. Wina tinkapempha tokha: wopaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, wothira m'chimbudzi kuti fungo lichepe. Inenso ndinathirapo, kangapo konse. Tinkaganiza kuti nthaka imameza chilichonse, ngati mmene imamezera madzi otsukira mbale.

Koma mafuta saola ngati gaga. Amatsika pang'onopang'ono mpaka akapeze madzi apansi, ndipo poti ndi opepuka, amakhala pamwamba pa madziwo. Dzinja likafika, madzi apansi amakwera, amakatsuka dothi lonyowa mafuta lija, n'kumatsetsereka kulowera kudambo, kumene tonse tinakumbako zitsime chifukwa madzi ali pafupi. N'chifukwa chake fungo linkakula nthawi ya mvula, chilimwe n'kumachita ngati latha.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti nzeru zonse zimene tinaphunzitsidwa pa nthawi ya kolera sizinathandize. Mlongo wanga anathira Certeza, mankhwala amene ku Malawi ofanana nawo amati WaterGuard. Amenewo amapha tizilombo, mafuta sawakhudza. Kusefa pansalu kumachotsa matope okha. Ndipo mu petulo muli benzene, amene amasungunuka m'madzi osaoneka, ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Ku Ogoniland, m'dziko la Nigeria, lipoti la bungwe la UNEP la mu 2011 linapeza zitsime zina za ku Ogale zili ndi benzene wochuluka ka 900 kuposa mlingo wa bungwe la zaumoyo la WHO, ndipo linati kukonza dera lonselo kungatenge zaka 25 mpaka 30. Kumeneko ndi makampani akuluakulu okumba mafuta. Kwathu ndi injini imodzi yokalamba, komabe njira imene mafutawo amayenda pansi ndi yomweyo.

Mafuta timawaopa akayaka. Palibe munthu wa ku Tete amene angaiwale za ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, pa 17 Novembala 2016, pamene thanki yonyamula petulo inaphulika anthu akutunga mafuta, n'kupha anthu oposa 70. Boma linalengeza masiku olira. Koma za dontho la tsiku lililonse kuseri kwa chigayo, sindinamvepo mfumu ikuitanitsa bwalo.

Ndinapita kukaonana naye mwini chigayo, munthu amene tinathawira limodzi ku Ntcheu. Ndinati, "Achimwene, dzenje lanu lija latilowera m'chitsime." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga ndizikataya kuti, achimwene? Ku Tete? Ufa mukudyawu ukuchokera kuti?" Ndinasowa choyankha, chifukwa thumba langa la chimanga linali pamzere pomwepo.

Pamapeto pake anawaka simenti pansi pa injini, ndipo oyilo wakuda anayamba kumusunga mu diramu. Sikuti mawu anga ndiwo anamugwira mtima: anyamata ocheka matabwa ndi makina anayamba kumugula kuti azithira patcheni, ndiye tsopano amakamwazikira kunkhalango. Dzenje lakale analikwirira ndi dothi, zimene zili pansipo zikadali pomwepo. Chitsime cha agogo timatungapo madzi oumbira njerwa. Akumwa, adzukulu amakatenga kumjigo wa kusukulu pa njinga, zigubu ziwiri m'mawa uliwonse, ndipo amayi asanathire masamba a tiyi amayamba anunkhiza kaye chigubucho, kuopa kuti mwina chinasungapo gazolina.