Mapazi Satchula Dzina

Kale m'midzi ya ku Kasungu, kukachitika umbava usiku, amayi sankafulumira kusesa pabwalo. Akuluakulu ankayamba alonda mapazi, ndipo phazi looneka bwino ankalivundikira ndi lichero kuti nkhuku zisalifafanize mfumu isanafike. Mwambo umenewu sudafe. Lichero lalowedwa m'malo ndi foni yam'manja.

M'mudzi wina kufupi ndi Chinkhoma, kumene kuli msika wa okushoni wa fodya, mudali mtsikana amene adazolowera kujambula zotsala za umbanda. Msika ukatsegulidwa, kawirikawiri m'mwezi wa Epulo, ndalama zimayenda, ndipo akuba nawo sagona. Iye ankadzuka m'mamawa n'kujambula loko wodulidwa pa okala, chibowo chokumbidwa kuseri kwa golosale, patapata wotsala panjira pamene wakabaza adalandidwa njinga, ndi mikangala yopanda kanthu m'chigafa. Pambali pa phazi lililonse ankaika bokosi la machesi kuti kukula kwake kudziwike. Agogo ake aamuna sankakondwera nazo.

"Iwe mwana, zoipa sasunga. Ukufuna kutiitanira malodza?"

"Agogo, si inu mudandiuza kuti mlandu suola? Koma mapazi amafafanizika mvula ikagwa."

Nkhalambayo idangoti kukamwa yasa.

Tsiku lina mayi wina wamasiye adapeza mabelo ake awiri atasowa, fodya amene adamuvutikira kuyambira kunazale mpaka pa jeke. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo m'mawa umenewo mwambiwu udamveka mowawa. Mayiyo atakuwa, anthu adakhamukira pakhomopo. Posakhalitsa zala zonse zidaloza bambo wina wa ku Mulanje, amene adabwera kale ngati tenanti n'kutsalira m'mudzimo akuchita maganyu utenanti utathetsedwa ndi lamulo mu 2021. Analibe mbale womuikira kumbuyo. Anyamata adamumanga ndi linya, ena adayamba kutola miyala.

Zotere si zachilendo m'dziko muno. Mu Epulo 2016, ofesi yoona za ufulu wa anthu ya United Nations idadandaula kuti anthu osachepera 16 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa m'Malawi m'miyezi iwiri yokha. Ambiri mwa otere amafa mlandu wawo usanamveke.

Mtsikana uja adali atafika pachigafa khamu lisanapondeponde. Poti mwana wamkazi salankhula pabwalo mwachisawawa, adagwada pafupi ndi agogo ake n'kuwapatsa foni. Iwo adaipereka kwa nyakwawa, nyakwawa kwa amfumu. Pazithunzipo padali mapazi a anthu awiri ovala majombo akuluakulu, ndi mikwasa ya ngolo yolunjika kumsewu wa M1. Womangidwayo adali ndi phazi laling'ono, ankayenda ndi nsapato za matayala, ndipo ngolo sadakhalepo nayo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero amfumu. "Mmasuleni. Achitetezo cha m'mudzi apite naye limodzi ndi zithunzizi kupolisi."

Madzulo bamboyo adabwerera kwawo wamoyo. Mabelo sadapezeke, ndipo mayi wamasiye adalowa chaka chimenecho ndi ngongole ya feteleza. Chithunzi sichidabweze fodya, koma chidaletsa mudzi kusenza magazi a munthu wosalakwa.

Anzake a mtsikanayo adamuumiriza kuti azijambulanso nkhope za oganiziridwa n'kuzimwaza pa WhatsApp. Agogo aja, amene tsopano adali atasiya kunena za malodza, ndiwo adamuletsa. Adamukumbutsa kuti wolonda mapazi wakale ankanena zimene waona pansi, koma kutchula dzina la wakuba idali ntchito ya bwalo, mboni zitamveka mbali zonse. Nkhope ikafalitsidwa sibwezeka, ngakhale mwini wake atapezeka wosalakwa.

Adzukulu amene ali ndi mafoni lero asunge malangizo omwewo. Afike msanga, asakhudze kanthu, ajambule loko, chibowo ndi phazi, alembe tsiku ndi nthawi, kenaka apereke kwa amfumu ndi apolisi. Mtsikana uja akadajambulabe, ndipo agogo ake ndiwo amamugulira machesi.